Chigongono cha njinga yanga

 Mwezi wathawu tinakangana kwambiri pano pa nkhani ya mawu obwereka. Ena ankati chinenero chathu chikumira m'Chingerezi ndi m'Chipwitikizi, ena ankati chinenero chosabwereka n'chakufa kale. Ine ndinangoti duu, ngakhale kuti nkhani zoterezi ndi zimene ndinakhalira zaka zinayi ku Zomba. Chimene chinandigwira pakamwa chatsamira khoma pano pamene ndikulemba: njinga ya magiya, ya matayala onenepa, yokalikakalika, imene ndinailumikiza ndi manja angawa chiwalo ndi chiwalo kwa miyezi isanu. Ndiloleni ndikusimbireni za njingayi, ndipo pomaliza pake mudziwa mbali imene ndaima pa mkangano uja.

Ndimakhala ku Primrose, mbali ya Germiston, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake. Ntchito ndimagwira ku Jet Park, kufupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo, yowerengera katundu wolowa ndi wotuluka. Malo onsewa ali mumzinda wa Ekurhuleni, umene unakhazikitsidwa m'chaka cha 2000 pophatikiza matauni akale a migodi ndi mafakitale a kum'mawa kwa Johannesburg: Germiston, Boksburg, Benoni, Brakpan, Springs, Kempton Park ndi ena. Dzinalo ndi la Chitsonga, ndipo limatanthauza malo a mtendere. Kuchoka pakhomo panga kukafika kuntchito si patali kwenikweni, koma misewu ya kuno anaikonzera eni galimoto. Wopanda galimoto amakwera matekisi, amene kwathu timati minibasi, awiri popita, awiri pobwera. Mwezi ukatha ndinkapeza kuti ndalama ya matekisi ikupikisana ndi imene ndimatumiza kwa amayi ku Lizulu.

Panalinso china chimene sindinkauza munthu. M'tekisi ndinkasanduka wosalankhula. Foni ikalira, ndikaona kuti ndi amayi, ndinkaisiya ilire mpaka ileke yokha. Ndikagwera mpando wakutsogolo, kumene wokwera amalandira ndalama za anzake ndi kuwerengera chenje, thukuta linkayenda kumsana ngakhale mu June, poopa kuti lilime lindiulula. Ndinene zoona, palibe anandichitapo chipongwe. Koma mantha a mlendo amamera okha ngati bowa, ndipo munthu wophunzira zinenero ndinkabisa changa kawiri pa tsiku.

Njinga si yachilendo m'banja mwathu. Agogo anga aamuna anakumbapo golide konkuno, atabwera pa Wenela, kulemba anthu a ku Malawi kusanaimitsidwe m'chaka cha 1974 ndege ya anthu obwerera kwawo itagwa ku Francistown. Anabwera kumudzi ndi zinthu ziwiri: chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda, ndi njinga yakuda ya Humber. Njingayo inanyamula matumba a kachewere kupita kumsika wa Lizulu, inanyamula odwala kupita kuchipatala, ndipo ine ndinaphunzirirapo kupalasa, mwendo nditaulowetsa pansi pa mtanda chifukwa chishalo sindinkachifika. Koma kuikonza sindinaikonzepo. Ikawonongeka tinkaikankha kupita kwa okonza njinga pansi pa mtengo, ndipo mwana wa sukulu ankamuuza kuti manja ake ndi a cholembera, asawadetse ndi girisi.

Njinga yatsopano ya m'sitolo inali malipiro anga a miyezi ingapo. Koma dziko lino lili ndi anthu a ndalama amene njinga za m'mapiri ndi masewera awo. Kuno ndi kumene kumachitikira mpikisano wotchuka wa Cape Epic kuyambira 2004. Anthu amenewa amachotsa ziwalo zabwinobwino pa njinga zawo kukangotuluka zina zatsopano, n'kumagulitsa zakalezo pa intaneti. Ziwalo zimapezeka chimodzichimodzi, ndalama zanganso zimabwera pang'onopang'ono, ndiye ndinaona kuti ziwirizi zikugwirizana. Njira yanga ili ndi maenje, magalasi osweka ndi tinjira ta fumbi, choncho matayala onenepa anali ofunika. Ndinalimbanso mtima nditawerenga kuti njinga ya m'mapiri inabadwa chimodzimodzi: m'zaka za m'ma 1970, anyamata a ku Marin County, ku California, ena mwa iwo Gary Fisher ndi Joe Breeze, ankatola njinga zakale zolemera, n'kumaziikira mabuleki ndi magiya a njinga zina kuti azitsetsereka nazo m'mapiri. Ndinati ngati iwo anayambira pa zotola, ine chingandilepheretse n'chiyani? Felemu ya aluminiyamu ndinaigula R700 kwa bambo wina ku Benoni, ndipo ndinafika nayo kunyumba nditaikoleka paphewa.

Monga munthu wa sukulu, chida choyamba chimene ndinagula sichinali sipanala ayi, koma kope. Ndinalemba mzere pakati pa tsamba: kumanzere dzina la chiwalo m'Chingerezi monga ndinkalimvera m'makanema a pa YouTube, kumanja dzina lake m'chinenero chathu. Tsamba loyamba linadzaza mosavuta, moti ndinanyadira: felemu, foloko, handulo, chishalo, tcheni, pedulo, buleki, limu, sipoko, habu, tayala, chubu, madigadi, kaliyala, belu. Onsewa ndi mawu obwereka, koma taonani mmene anawasulira. Pakamwa pathu b ndi r sagundana, s ndi p sagundana, ndipo liwu silithera pa lembo lopanda liwu. Ndiye brake anasanduka buleki, spoke anasanduka sipoko. Kenaka dzina lililonse analipezera gulu: sipoko imodzi, masipoko ambiri. Tcheni, poti chimayamba ndi kamvekedwe kofanana ndi chala ndi chingwe, ambiri timati tcheni chaduka, ngakhale ena amati yaduka. Amene anachita ntchito yonseyi sanali akatswiri a ku yunivesite. Anali okonza njinga a pansi pa mitengo, ndi matchona ngati agogo.

Mawu ena ali ndi mbiri yokoma kuposa pamenepa. Timati kupalasa njinga, mneni amene tinamuchotsa m'bwato n'kumukweza pa chishalo. Timatinso kutchova, makamaka anzathu a ku Zambia, ndipo kuno a Zulu amati ukushova. Boma la South Africa linatcha ntchito yake yogawira ana a sukulu njinga kuti Shova Kalula. Chishalo nacho khutu langa limachimvera chibale ndi isihlalo, mpando m'Chizulu. Dzina lenilenilo la njinga si lobwereka. Agogo anga aakazi ankatchula njinga kamtengo kozungulira kokulungirapo ulusi, ndipo n'zomveka kuti makolo ataona magudumu awiri akuzungulira anangotenga dzina la chozungulira chimene anali nacho kale. A Zulu amati ibhayisikili, a Shona bhasikoro, koma ife ndi a Bemba, amene amati incinga, tinagwiritsa liwu la pakhomo, ndipo ngakhale Chipwitikizi cha ku Mozambique chili ndi liwu lakuti ginga.

Tsamba lachiwiri ndi limene linandichititsa manyazi. Kumanzere kunali derailleur, cassette, headset, bottom bracket, shifter. Kumanja kunali mbee. Mawu anga anathera pamene panathera ziwalo za Humber wa agogo. Ndinati vuto laling'ono, ndine wophunzira, ndipeka ndekha. Usiku wina ndinakhala pa bedi n'kupanga mawu monga tinkachitira m'kalasi. Kachipangizo kolendewera kumbuyo, kamene kamasamutsa tcheni kuchoka pa giya ina kupita pa ina, kamene Azungu amakatchula ndi liwu la Chifalansa lakuti derailleur, ndinakatcha chisamutsatcheni. Ndinagona wokhutira, ndisanakagwirepo n'komwe kachipangizoko.

Safunsa anadya phula. Mwezi wachiwiri ndinapeza gudumu lakumbuyo lokongola pa R900. Wogulitsa analemba kuti ndi la mainchi 29, felemu yanganso ndi ya mainchi 29, ndiye ndinalipira osafunsa zambiri. Nditafika nalo kunyumba linakana kulowa. Ndinakankha, ndinatembenuza, ndinatukwana, koma ayi ndithu. Mawa lake ndinabwereka tepi yoyezera kuntchito. Mpata wa kumbuyo kwa felemu yanga ndi mamilimita 135, muyeso wa njinga zakalepo; habu ya gudumulo inali ya mamilimita 148, muyeso watsopano wotchedwa Boost, ndipo ngakhale ekiselo yake inali ya mtundu wina. Kusiyana kwake ndi mamilimita 13 okha, sikukwana n'komwe mulifupi mwa chala. Njinga ya chitsulo ya kwathu akanaikanula pang'ono gudumu n'kulowa, koma aluminiyamu ukamukanula amang'aluka. Ndalama ya amayi ya mwezi umenewo inachepa, ndipo ndinawanamiza kuti kuntchito atidula.

Cholakwa chachiwiri chinali chopusa kuposa choyamba. Pomanga pedulo ya kumanzere ndinaona ikulimba isanalowe, ndiye ndinati ikufuna mphamvu za mwamuna. Ndinakanikiza sipanala mpaka inayamba kuzungulira mopepuka, tizinyenyeswa tonyezimira tikugwera pansi. Sindinkadziwa kuti mapedulo si mapasa: ya kumanja imamangidwa monga bawuti iliyonse, koma ya kumanzere mazinga ake ndi obwerera, imalimba ukamaipotoza chakumanzere, kuti isamasuke yokha munthu akamapalasa. Pa chitsulo chake pamakhala chilembo L kapena R. Ine, munthu wa malembo, ndinaika ya R kumanzere.

Loweruka lotsatira ndinatenga mkono wa pedulo wowonongekawo kupita nawo kwa bambo wina amene ndinkamuona akukonza njinga m'mbali mwa msewu ku Germiston. Makasitomala ake ndi alonda ndi anyamata osamalira maluwa m'mayadi, anthu amene njinga ndiyo miyendo yawo. Ndinamupatsa moni m'Chizulu changa chotsimphina, ndi kumupatsira chitsulocho. Anachiyang'anitsitsa, anapisamo chala, kenaka anadziyankhulira chapansipansi.

"Wapha mazinga mwana uyu."

"Ndapha ndithu, bambo," ndinayankha ndisanaganize.

Anatukula mutu. "Iwe, kwanu n'kuti?"

"Ku Lizulu, kwa Gomani."

"Aa! Ndiye ndiwe mwana wanga. Ine wa ku Ulongwe. Kachewere amene mumanyadira pamsika wanu uja olima ndife."

Amene mumadziwa dera lathu mukudziwa kuti pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire: uku Ntcheu wa Malawi, uko Angónia wa Mozambique, msika umodzi, maliro amodzi, chinenero chimodzi. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawaitana kuti Madala, monga ankawaitanira aliyense, ndipo iwo atamva za digiri yanga anayamba kundinena kuti aphunzitsi, mawu akumwetulira. Anatulutsa mkono wina wakale m'bokosi lawo. Gudumu lija anandipezera wosinthana naye, ndinaluzapo R300. Malipiro awo anali akuti Loweruka lililonse ndizibwera ndi felemu yanga, ndizigwira ndekha, iwo aziyang'ana.

Masabata oyamba tinkasokonezana. Tcheni iwo ankati korenti, tayala pineu, chubu kamara, buleki taravawu, bawuti parafuzu, sipanala shavi. Akati, "Patse shavi ya 15," ine ndinkangoti kakasi mpaka aloze ndi mlomo. Azungu awiri osiyana anatibweretsera njinga, aliyense ndi mayina ake, ndipo mzere umene analemba pa mapu unadutsanso pakati pa bokosi la zida. Koma posakhalitsa ndinazindikira kuti chimene chinkatisiyanitsa anali mayina okha. Aneni onse anali amodzi: manga, masula, wongola, popa, mata, paka, dula, gwira. Agwirizanitsi anali amodzi: korenti yaduka, pineu laphwa. Munthu wa ku Chipata akanafika pamenepo ndi mayina ake, akanangowalowetsa m'ziganizo zomwezo, ntchito n'kupitirira.

Madala sankaphunzitsa ndi mawu ambiri. "Parafuzu imayamba ndi zala, aphunzitsi. Shavi ndi yomalizira. Ikakana zala, ikukuuza kanthu." Mazinga alionse ankati ndiyambe ndawapaka girisi. Nditafuna mabuleki a mafuta, amene anthu a mpikisano amawakonda, anandifunsa ngati ndikudziwa kuti ena amalira mafuta a mtundu wina, ena a mtundu wina, ndipo ukasakaniza umawononga timphira ta m'kati. "Akakuthera usiku panjira uitana ndani? Waya ukaduka, waya ali paliponse." Ndinagula mabuleki a waya. Anandionetsanso kuti tcheni cha magiya khumi n'chopyapyala kuposa cha magiya asanu ndi atatu, choncho sungangotola chilichonse, ngakhale kuti kutalika kwa mfundo yake n'kumodzi pa njinga zonsezi: theka la inchi, mamilimita 12.7. Muyeso umenewu ndi womwewo wa tcheni cha Humber wa agogo. Nditamva zimenezi ndinachigwira tchenicho mosiyana ndi kale.

Malo amodzi okha sukulu yanga inandithandiza. Gudumu limene tinasinthanitsa lija linali lokhota pang'ono, limu ikuvina uku ndi uku. Lili ndi masipoko 32, theka akukokera kumanja, theka kumanzere, ndipo gudumu limawongoka pokhapokha kukokana kumeneku kukalingana. Limu ikapendekera kumanja umamanga masipoko a kumanzere pa malo amenewo, pang'onong'ono, gawo limodzi la magawo anayi a kuzungulira, n'kuzungulitsanso gudumu kuti uone. Madala ankakodola sipoko iliyonse ndi chikhadabo ngati woimba bangwe: yolimba imalira mokweza, yofooka motsitsa. Khutu limene linazolowera kusiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, ndipo linakhala zaka likulemba zizindikiro za kukwera ndi kutsika kwa mawu, linapeza sipoko yofooka msanga. "Kodi kusukuluko munkaphunzirako zanzeru ndithu," anatero Madala.

Tsiku loopsa linali lodula foloko. Foloko imabwera ndi mpope wautali umene umalowa m'khosi mwa felemu, ndipo mwini njinga amaudula molingana ndi msinkhu wake. Ukausiya wautali ungadulenso mawa. Ukaufupikitsa, foloko yonse yatayika. Tinamanga zonse mongoyesa, tinalemba mzere, tinamasula, tinayezanso. Ndinapereka sowo kwa Madala, iwo anapinda manja. "Njinga ndi yako. Ukalakwitsa ulire wekha, ukakhoza usekenso wekha." Ndinadula manja akunjenjemera, mzere unakhota pang'ono, tinausalaza ndi tupa. Unakwana.

Chinatsala chinali kachipangizo kanga kaja. Tinakamangirira kumbuyo, tinalowetsa tcheni, ndipo Madala anandionetsa timabawuti tiwiri tolembedwa H ndi L, timene timaika malire a ulendo wake: kena kamaletsa tcheni kugwera kunja, kena kamaletsa kugwera m'masipoko, kumene kungathyole gudumu ndi mwini wake yemwe. Ndinaona kuti nthawi yoonetsa luso langa yakwana.

"Madala, ichi ndachipezera dzina. Ndi chisamutsatcheni."

"Chiyani?"

Ndinabwereza. Anaseka mpaka kutsokomola. "Pofika pomaliza kutchula dzina lakolo, korenti yagwa kale. Taona." Anakankha kachipangizoko ndi chala, ndipo kanapindika n'kutambasuka. Anapinda mkono wawo pambali pake, n'kuutambasula. "Ichi n'chigongono. Gwira chigongonocho, ndimange waya."

Ndinayang'ana, ndipo chinalidi chigongono: mkono wokhala ndi mfundo, wopinda ndi kutambasuka. Dzina langa linkafotokoza ntchito ya chinthucho monga linalembedwera m'buku. Dzina lawo linachokera m'maso ndi m'manja mwa munthu amene wachigwira kambirimbiri. Ndipo linabwera ndi banja lake lonse: chigongono chapindika, chigongono chauma, chipake mafuta.

Tikupukuta m'manja madzulo amenewo, Madala anati, "Liwu limenelo linatsala pang'ono kundiphetsa." Mu May 2008, pamene chiwawa chothamangitsa alendo chinayamba ku Alexandra n'kufalikira mbali ino, iwo ankakhala m'zisakasa kufupi ndi Boksburg. Anthu 62 anafa m'dziko lonse masabata amenewo, ndipo ku Ramaphosa, pafupi ndi Reiger Park, ndi kumene Ernesto Nhamuave wa ku Mozambique anatenthedwa wamoyo, chithunzi chake n'kuzungulira dziko lapansi. Ine nthawiyo ndinali mwana wa ku pulayimale, ndinkangoona mabasi a anthu othawa akudutsa pa Lizulu. Magulu achiwawawo anali ndi mayeso awo: ankaloza chigongono n'kufunsa dzina lake m'Chizulu, liwu limene mlendo saliphunzira pamsika kapena m'tekisi. Madala anaimitsidwa ndi anyamata asanu. Moni ankamudziwa, kuwerenga ndalama ankadziwa, chigongono sankachidziwa. Anawapulumutsa mayi wina wa konkuno, woyandikana naye nyumba, amene analowa pakati n'kukalipa kuti uyu ndi amene amakonza njinga za ana athu. Zida zawo zonse zinapita, ndipo anagona masabata angapo muholo ya mzinda ku Germiston pamodzi ndi mazana a anzawo.

"Indololwane," anatero, akutchula bwinobwino mphatikizo uliwonse. "Ndinaliphunzira mochedwa. Ndipo ukaganiza, ife Angoni makolo athu anachokera kumwera konkuno. Liwulo tinalitaya panjira." Anatseka bokosi la zida. "Mawa ubwere ndi pampu, pineu lakutsogolo lija silinakhute."

M'kalasi tinaphunzira kuti kuyesa munthu ndi liwu limodzi kuti udziwe ngati ali wako kapena wakupha n'kwakale ngati nkhani ya Aefraimu pa madooko a Yordano. Ndinalemba mayeso pa mutu umenewu, ndinakhoza bwino. Koma ndinali ndisanakhalepo pa bokosi limodzi ndi munthu amene anafunsidwa funsolo. Ndinamvetsanso usiku umenewo kuti mantha anga a m'tekisi ndinawatengera kwa anthu ngati iwo, ngakhale kuti iwo amene anaona zoopsazo ndi maso amalankhula Chinyanja mokweza m'mbali mwa msewu tsiku lililonse.

Ulendo woyamba wa kuntchito unali m'mawa wa mu July, udzu utayera ndi chisanu, zala zitauma pa handulo. Kuno tili pamwamba, mamita oposa 1,600 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo kachitunda kakang'ono kamatha mpweya. Nditafika cha ku Elandsfontein tcheni chinayamba kudumphadumpha pakati pa magiya awiri. Ndinaima, ndinatembenuza njinga, ndinapotoza kamfundo ka waya wa chigongono pang'ono monga anandionetsera, ndipo phokoso linatha. Ndili chiimire pamenepo foni inalira. Anali amayi. Ndinayankha, ndege ikutsika pamwamba panga, malole akudutsa, ndipo ndinachita kukuwa kuti andimve. Ndinawauzanso zoona za ndalama ya mwezi uja. Anandikalipira pang'ono, kenaka anafunsa ngati njingayo ili ndi kaliyala, poti njinga yopanda kaliyala kwa iwo n'choseweretsa.

Ndisakunamizeni kuti zonse ndi zokoma. Nditawerengera zonse, pamodzi ndi zolakwa zanga, ndalama imene ndinawononga ikanagula njinga yathunthu yogwiritsidwapo kale ntchito. Malole a m'dera la mafakitale saona munthu wa pa njinga, choncho ndimavala chipewa cholimba ndi chovala chowala ngati wokonza msewu. Kukada sindidutsa tinjira ta pafupi ndi milu ya dothi la m'migodi, poti njinga imakopa akuba. Mvula ya mabingu ya madzulo a chilimwe ikagwa ndimabwereranso m'tekisi. Koma milu yachikasu imeneyo ndimaiona m'mawa uliwonse, dothi limene anthu ngati agogo analitulutsa pansi pa nthaka, ndipo palibe phokoso la pa njingayi limene sindidziwa kumene likuchokera.

Tsono pa mkangano wathu uja, ine ndaima apa. Kubwereka sikuipa. Njinga yanga yonse ndi yobwereka: felemu ya ku Benoni, gudumu losinthanitsa, mkono wa m'bokosi la Madala. Chimene ndinaphunzira ndi ndalama zanga n'chakuti chiwalo chokongola chimene sichikwana pa felemu ndi katundu chabe. Buleki ndi korenti zinakwana, zinalandira magulu ndi agwirizanitsi, ndi zathu. Chisamutsatcheni, ngakhale kuti mphatikizo wake uliwonse ndi wa pakhomo, sichinakwane pakamwa pa munthu wogwira ntchito. Mtanthauziramawu wa Chinyanja, amene a Centre for Language Studies anatulutsa m'chaka cha 2000, ndi nkhokwe ya mtengo wapatali, koma nkhokwe imasunga zimene zalimidwa kumunda. Ndipo ndazindikira kuti tsamba lachiwiri la kope langa linali mbee chifukwa cha ine mwini. Njinga za magiya za pa kaunjika zadzaza m'misika ya Lilongwe, Chipata ndi Tete, ndipo pali anthu amene amazikonza tsiku ndi tsiku akulankhula chinenero chathu. Mawu alipo. Ine ndinapita kukafunsa YouTube ndisanafunse iwo.

Ndiye ndikupempheni ntchito, abale. Amene muli pafupi ndi okonza njinga, kapena anyamata a kabaza, kapena a sacramento ku Mzuzu, imani tsiku lina, lozani chiwalo chilichonse, mufunse dzina lake, mulembe monga mwamvera, osakonza. A ku Chipata, kumene kunali fakitale ya njinga za Eagle, fufuzani akuluakulu amene anagwiramo ntchito, atiuze mmene ankaitanirana ziwalo. A ku Niassa ndi ku Tete, tiuzeni ngati korenti ndi taravawu amamveka kwanuko monga amamvekera ku Ulongwe. Mutiuzenso chigongono cha munthu chimene mumachitcha chiyani, poti ndamva ena akuti kasukusuku. Tikasonkhanitsa mayankho ndidzawaika pamodzi pano, dera ndi dera, kuti tonse tione.

Kope lija ndikadali nalo, ladetsedwa ndi girisi. Mzere woyamba wa tsamba lachiwiri ndinafufuta dzina langa n'kulembapo la Madala. Mizere inayo ikudikira inu. Loweruka likubwerali ndikupita kukamangitsa kaliyala, monga analamulira amayi.